Poti akudya sindiye kuti m'kamwa mwapola

"Adokotala, ife timati poti akudya ndiye kuti akuchira." Mawu amenewa, ochokera kwa anthu amene mphaka wawo tamuzula dzino, ndatopa nawo. Mphaka amadya ngakhale m'kamwa mukuwawa. Amameza osatafuna, kapena amapendeketsa mutu n'kumatafunira mbali imodzi. Ndi nyama yobisa ululu, ndipo akafika pokana mbale n'kukabisala kunsi kwa bedi, zinthu zimakhala zitaipa kale.

Pamene tazula dzino, nkhama zimatsekeka pa masiku 10 mpaka 14. Masiku atatu oyambirira, dovu la timagazi ndi kudya monyinyirika sizindidetsa nkhawa, ndipo ulusi umene timasokera umasungunuka wokha. Koma milungu iwiri ikatha mphaka akupalasabe kukamwa ndi phazi, akugwetsa chakudya, m'kamwa mukununkha, kapena wasiya kudzinyambita mpaka ubweya wapotana, m'bwezeni kwa amene anamuchita opaleshoni.

Nthawi zambiri pamakhala patatsala chidutswa cha muzu. Mano a amphaka ambiri amadyeka okha, muzu n'kumatirirana ndi fupa la nsagwada, ndiye pozula umaduka ngati chinangwa cha m'nthaka youma. Nkhama zimaphimba pamwamba bwinobwino, ululu uli pansi. Ndi diso simungaone, pamafunika X-ray. Dzino lalitali losongoka la m'mwamba nalo lili ndi zake. Likachoka, linzake la m'munsi limayamba kubaya mlomo wa m'mwamba. Kwezani mlomowo, mupeza kachilonda. Muzu wake umafikanso pafupi ndi mphuno, choncho mphaka akayamba kuyetsemula ndi kutuluka mamina mbali imodzi, pangakhale bowo lofunika kusokanso.

Pali mphaka wina amene sachoka m'maganizo mwanga. Anali wamkazi, wokalamba, wa mayi wina amene ankamukonda ngati mwana. Dzino lakumbuyo linkagwedezeka, ndipo linazuka mosavuta kwambiri. Ndinakondwera, pamene ndikanayenera kudabwa. Patatha milungu iwiri bala linali lisanatseke. Ndinapereka mankhwala opha tizilombo n'kunena kuti abwerenso pakatha sabata. Anabwera patatha mwezi, chifukwa fungo linachepa ndipo mphakayo ankadya. Nsagwada inali itatupa. Nditadula kachidutswa n'kutumiza kokayeza, anapeza khansa yotchedwa squamous cell carcinoma, imene imapezeka kawirikawiri kuposa khansa zina zonse za m'kamwa mwa amphaka. Ndiyo inkadya fupa mpaka dzino kugwedezeka. Ine ndinangozula chizindikiro, matendawo n'kuwasiya. Khansa imeneyi ndi yovuta ngakhale itadziwika msanga, koma milungu yonseyo nyama inkadya ndi ululu ife tikuti ndi bala lochedwa kupola. Mayiwo anachedwa, inde, koma woyamba kuchedwa ndinali ine. Masiku ano mphaka wokalamba akabwera ndi bala losatseka, sindidikiranso.

Tsopano za Panado. Musamupatse, ngakhale kagawo kakang'ono. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, ngati chathu. Piritsi limodzi la munthu wamkulu likhoza kumupha: magazi amaleka kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope n'kutupa. Brufen amawononga impso ndi m'mimba. Mankhwala oletsa ululu oyenera amphaka alipo, monga meloxicam ndi buprenorphine, koma mlingo wake timatengera kulemera kwa nyama, ndipo meloxicam yemweyo amavulaza impso za mphaka amene sakudya kapena kumwa madzi. Otsala a galu wanu musawagwiritse ntchito.

Ndiye pali abale athu ogulitsa mankhwala a mbuzi ndi nkhuku, amene nyama iliyonse amaibaya jekeseni yemweyo osatsegula n'kukamwa komwe. Jekeseniyo amachepetsa mafinya ndi fungo kwa masiku ochepa, inu n'kumati zatheka, muzu woduka uja uli pomwepo. Zopaka mchere kapena mankhwala otsukira mano a anthu pabala, zisiyeni.

Ndipo akasiyiratu kudya masiku awiri, musadikire tsiku limene tinapangana. Mphaka wosadya, makamaka wonenepa, mafuta amaunjikana m'chiwindi mpaka chimalephera ntchito. Podikira ulendo wobwera kuno, usipa wouma ndi matemba zichoke m'mbale mwake, chifukwa minga imalowa pabala. Muphikireni nyama ya nkhuku yopanda mchere komanso yopanda anyezi, muisinje, mumupatse ili yofundira.