Woimba wa K-pop Akayamba Mafilimu Sikuti Nyimbo Zamukanika

Ndatopa nayo nkhani iyi, ndipo yatha zaka ikuzungulira m'magulu a WhatsApp: akuti woimba wa K-pop, nyimbo zamakono za ku South Korea, akazimiririka, kapena akayamba kuoneka m'masewero a pa TV, ndiye kuti zoimba zamukanika.

Si choncho ayi. Ambiri mwa oimbawa amayamba ali ana asukulu, kampani n'kuwasula kwa zaka zingapo ku Seoul, likulu la dzikolo. Amaphunzira kuimba, kuvina, zilankhulo, ena ngakhalenso kuchita zisudzo. Ndiye mukamuona akulira mufilimu, dziwani kuti mwina anayamba kale kuzikonzekera. Nthawi zina nyimbo imene ikumveka pansipansi m'sewerolo waimba ndi yemweyo.

Nanga kusowako? Ku South Korea mwamuna aliyense wathanzi amayenera kukagwira ntchito yausilikali, miyezi 18 mpaka 21 kutengera nthambi imene walowa. Kutchuka sikumupulumutsa. Amameta tsitsi, n'kupita, ndipo akamaliza ambiri amabwerera ku studio. Chinanso, kuyambira 2009 mgwirizano wa woimba ndi kampani kawirikawiri supitirira zaka 7, n'chifukwa chake magulu ambiri amasintha kapena kubalalika akafika pamenepo. Inde, ena zimawavutadi, koma si onse.

Kufufuza n'kosavuta. Tsegulani tsamba lake lenileni pa YouTube kapena Spotify, muone tsiku limene nyimbo yake yomaliza inatuluka. Sewero likamatha musathamangire kuzimitsa, werengani maina akudutsawo. Uthenga wopanda deti ndiponso wosanena kumene wachokera, chonde musautumize kwa anzanu musanautsimikize.