Hap ndi Leonard, sewero lomwe analidulira panjira

Seputembala aliyense anthu akamakumbukira katswiri wa zisudzo Michael K. Williams, yemwe anamwalira ku Brooklyn pa 6 Seputembala 2021, ambiri amangotchula Omar wa mu sewero la pa TV la The Wire basi, koma ine mtima umathamangira kwa Leonard Pine, gawo limene ankasewera mu Hap and Leonard, ndipo mkangano wakale uja umadzukanso woti kodi tchanelo cha SundanceTV chinalakwa kuthetsa seweroli mu 2018?

Nkhaniyi inayambira m'mabuku a Joe R. Lansdale, mlembi wa kum'mawa kwa Texas. Buku loyamba, Savage Season, linatuluka mu 1990. Hap Collins ndi mzungu wosauka amene anakhalapo m'ndende chifukwa chokana kupita kunkhondo ya ku Vietnam, pomwe Leonard ndi munthu wakuda, wokonda amuna anzake, wamtima wapachala, ndipo iyeyo kunkhondoko anapita. Pa ndale sagwirizana, amangokhalira kunyozana, koma wina akagwa m'mavuto mnzake ndi amene amayamba kufika.

Pa TV seweroli linayamba mu Malichi 2016, James Purefoy wa ku England ndi amene anali Hap. Iyeyu ndi Williams anali atagwirapo kale ntchito limodzi mu 2009, ndipo ukamawaonera zimachita kuonekeratu kuti ndi anthu odziwana. Sizoni yoyamba inali yosaka ndalama zomira mumtsinje, ya bwinobwino ndithu, koma ine pamene ndinagwidwa mtima ndi pa nkhani ya ubwana wa Hap ndi Leonard, usiku kukugwa mvula, galimoto la bambo a Leonard lawonongeka pamsewu, bambo a Hap aima kuti athandize, kenako dalaivala woledzera nkuwomba onse awiri ana akuona. Ubale wawo unabadwira pa maliro amenewo.

Sizoni yachiwiri inachokera m'buku la Mucho Mojo, ya ana akuda osowa amene apolisi sankawalabadira. Yachitatu, The Two-Bear Mambo, inawapititsa ku Grovetown, tauni ya a Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi anthu akuda, kukafuna loya Florida Grange.

Sizoni iliyonse inali ndi magawo 6 okha, onse pamodzi 18. Lansdale ankati palibe sewero lina pa kanemayo limene linkaonedwa kuposa limeneli, inde mwini nkhani sangadzinenere zoipa, koma olemba ndemanga nawonso ankaliyamikira kwambiri. Oikira kumbuyo kampaniyo amati tchanelo chaching'ono chimayang'ana ndalama, ndipo mfundoyo ndi yomveka. Kungoti mabuku ena ambiri anali akudikira, ndipo Williams anapita zaka zitatu zokha chithetsereni seweroli.