Pulasitiki Wonunkhira Ngati Chakudya

Pa ntchito yanga yofufuza zamoyo za m'nyanja zamchere, pali funso limene anthu satopa kundifunsa: kodi mbalame kapena nsomba imalephera bwanji kusiyanitsa chakudya ndi chivindikiro cha botolo? Ena amaganiza kuti nyamazi n'zopusa. Ayi ndithu. Zikugwiritsa ntchito luso lomwelo limene lakhala likuzipezera chakudya kuyambira kalekale, koma zinyalala zathu n'zimene zasandutsa lusolo kukhala msampha.

Pulasitiki akakhala m'nyanja milungu ingapo amamera ndere, ndipo nderezo zimatulutsa fungo la mpweya wotchedwa DMS. Fungo lomweli limamvekanso pamene krill, tizilombo tokhala ngati tinkhanu, tasonkhana n'kumadya ndere. Mbalame ikalimva imadziwa kuti apa m'pokhuta. Mu 2016 Matthew Savoca ndi anzake ku California anaonetsa kuti mitundu ya mbalame imene imasaka chakudya potsatira fungoli ndi imenenso imameza pulasitiki kwambiri. Kamba wa m'nyanja naye amanyengedwa ndi maso: jumbo likamayandama limaoneka ngati jellyfish, kanyama kofewa kamene akamba ena amakakonda zedi.

Msamphawu ukukulirakulira. Mu 1950 dziko lonse linkapanga pulasitiki wolemera matani pafupifupi 2 miliyoni pachaka, pomwe lero tikupitirira matani 400 miliyoni. Kafukufuku amene Jenna Jambeck anatsogolera, yemwe anasindikizidwa mu 2015, anayerekeza kuti m'chaka cha 2010 chokha matani apakati pa 4.8 ndi 12.7 miliyoni analowa m'nyanja kuchokera kumtunda.

Akafika m'nyanjamo saola ngati tsamba. Dzuwa limamufumbutsa, mafunde amamuswa, mpaka asanduke tinyenyeswa tosakwana mamilimita 5, tambiri mwa ito tosaoneka n'komwe ndi maso. Wasayansi Richard Thompson wa ku Plymouth ku England ndiye anatchukitsa dzina loti microplastics mu 2004. Tina timafika titanyenyeka kale: ulusi wothothoka ku zovala za nayiloni ndi poliyesitala pochapa, komanso fumbi la matayala limene mvula imakokolola m'misewu.

Tinyenyeswa timeneti n'timene timandisowetsa tulo kuposa mabotolo. Pafupifupi chamoyo chilichonse cha m'nyanja chimadalira plankton, tizomera ndi tizilombo toyandama m'madzi. Tizilombo timadya tizomera, nsomba zing'onozing'ono zimadya tizilomboto, zikuluzikulu n'kudya zing'onozo, mpaka kukafika pa shaki, mbalame ndi munthu. Tsoka lake n'lakuti tinyenyeswa tambiri n'tofanana kukula ndi chakudya cha tizilombo tapachiyambi tija. Titamwetsedwa madzi okhala ndi pulasitiki m'chipinda chofufuzira, tizilombo totchedwa copepod tinachepetsa kudya ndere, tinaikira mazira ang'onoang'ono, ndipo mazira oswa anachepa. Mimba imadzaza, thupi lili ndi njala. Tizilombo timeneti tikafooka, kansomba kongoswa kumene kamasowa podyera, ndipo njalayo imakwera mpaka kwa zonse zodya nsombazo.

Namgumi wotchedwa blue whale, nyama yaikulu kuposa zonse padziko, amakhalira krill. Ofufuza amene anatsatira anamgumi kufupi ndi gombe la California anawerengera mu 2022 kuti mmodzi akhoza kumeza tinyenyeswa tokwana 10 miliyoni patsiku. Pafupifupi tonseto satimeza ndi madzi ayi, timabwera tili kale m'mimba mwa krill.

Apa ndiwongoleko maganizo amene afala. Pulasitiki sachulukirachulukira m'mnofu pokwera kuchoka ku kansomba kupita ku chinsomba monga amachitira mankhwala a DDT kapena poizoni wa mercury. Tinyenyeswa tambiri timadutsa m'matumbo n'kutuluka. Koma nyama imene ikumeza tsiku ndi tsiku siipeza mpata wopumula, ndipo zidutswa zazikulupo zimakanirira. Pa chilumba cha Lord Howe ku Australia, mbalame zotchedwa flesh-footed shearwater zimadyetsa anapiye awo zidutswa zapulasitiki poganiza kuti ndi chakudya. Zidutswazo zimakanda m'chifu mpaka kusiya zipsera zolimba zimene zimalepheretsa chifucho kugaya bwino. Mu 2023 nthendayi inapatsidwa dzina lakelake, plasticosis. Ku Philippines, namgumi wina anafa mu 2019 ali ndi makilogalamu 40 a majumbo ndi matumba m'mimba.

Ngakhale zimene zatulukazo sizithera pomwepo. Ndowe za tizilombo tija zimamira, ndipo n'zimene zimadyetsa zamoyo zokhala pansi penipeni kumene dzuwa silifika. Zimatsitsanso kaboni amene tizomera tinayamwa. Ndowe zikasakanikirana ndi pulasitiki wopepuka zimamira mochedwa ndiponso zimaphwanyika msanga. Komabe pulasitiki wina amafika pansi ndithu: m'chigwa cha Mariana, malo akuya kwambiri m'nyanja zonse, munapezeka kanyama katsopano kali ndi ulusi wapulasitiki m'matumbo, ndipo mu 2020 anakatcha Eurythenes plasticus. Tinakadziwa titakaipitsa kale.

Ponena za ife anthu, nsomba yochotsedwa matumbo imasiya pulasitiki wake wambiri m'matumbomo. Zodyedwa zathunthu, monga nkhono za m'nyanja, n'zimene zimafika nawo pakamwa.

Palinso maukonde otayika, amene amapitiriza kukola nsomba, akamba ndi nyama zina kwa zaka zambiri popanda wokavuula. Zokodwazo zikayamba kuola zimaitana zina, nazonso n'kukodwa. Pa dera lotchuka la zinyalala zoyandama m'nyanja, pakati pa Hawaii ndi California, kafukufuku wa 2018 anapeza kuti maukonde amapanga pafupifupi theka la kulemera kwa zinyalala zonse. Derali si chilumba choti n'kupondapo monga ambiri amaganizira. Zinyalalazo zamwazikana pa malo aakulu masikweya kilomita 1.6 miliyoni, moti ukhoza kudutsapo pa bwato osaona zambiri.

N'chifukwa chake sindiika mtima wanga wonse pa makina oyeretsa nyanja. Kuvuula maukonde ndi kutola zinyalala m'magombe ndi m'mitsinje kumapulumutsa nyama zambiri, ndipo ochita zimenezi ndimawavulira chipewa. Koma sefa yoti igwire tinyenyeswa ingagwirenso plankton yemwe tikufuna kumuteteza. Pothandiza kwenikweni ndi pamene pulasitikiyo sanafike m'madzi, makamaka asanapangidwe n'komwe. Mu Marichi 2022 mayiko 175 anagwirizana ku Nairobi kuti alembe pangano lothetsa vutoli. Anakumana ku Busan kumapeto kwa 2024, n'kukumananso ku Geneva mu Ogasiti 2025, koma maulendo onse awiri anabalalika opanda pangano. Chimene chinawagawanitsa kwambiri ndi mfundo yoika malire pa kuchuluka kwa pulasitiki amene mafakitale angapange, ndipo mayiko opopa mafuta ndiwo anaikana kwambiri.