Kompyuta Ikamachedwa Mutasintha Windows, Musathamangire Kufufuta Zonse

Pa Kasungu boma, m'mashopu otayipa ndi kusindikiza makalata, ambiri amakhulupirirabe kuti kompyuta ikayamba kuchedwa itangolandira Windows yatsopano, ndiye kuti yalowa vairasi ndipo mankhwala ake ndi kufufuta zonse. Kawirikawiri sizikhala choncho. Masiku oyambirira, Windows imagwira ntchito zina mosaonekera, monga kutsitsa zowonjezera ndi kuwerenga mafayilo kuti kusaka kuzifulumira. Mukadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pamatseguka Task Manager, mndandanda wa mapulogalamu amene akugwira ntchito, ndipo imasonyeza chimene chikulemetsa makinawo. Pulogalamu yotchedwa svchost.exe, imene imaoneka kangapo pamndandandawo, ndi ya Windows yomweyo, ndipo kuitseka mwachisawawa kungadule intaneti kapena mawu. Vuto likapitirira, Windows 11 imalola kubwerera ku yakale pasanathe masiku 10, mafayilo anu osatayika.