Phula lokhuthala si ndilo msewu wolimba

Ndatopa kumva mawu omwewa chaka ndi chaka: akuti msewu ukathiridwa phula lopyapyala ndiye kuti ndalama zadyedwa, ndipo miyezi imene antchito amatha akukumba ndi kutsendera dothi ndi yongotaya. Si zoona.

Chimene chimanyamula galimoto ndi zimene zili pansi pa phula. Amayala dothi losankhidwa ndi miyala yophwanya mosanjikiza, n'kuwaza madzi, kenako makina olemera amadutsapo mobwerezabwereza mpaka zitagwirana. Pa misewu yambiri, ntchito yaikulu ya phula ndi kutchinga madzi kuti asalowe. Akangolowa, pansi pamafewa ndipo maenje amayamba. N'chifukwa chake ngalande ndi makalavati n'zofunika kwambiri. Chinanso chowononga ndi malole onyamula mopyola muyeso: kulemera kwa pa ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri) kukawirikiza kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16 kuposa poyamba. Pa milatho, akatswiri amayeza kulimba kwa konkire pakatha masiku 28, choncho mukaona pali zii musafulumire kunena kuti anthu athawa ntchito.

Ntchito yosalongosoka ilipo ndithu, ndipo tiyenera kuidzudzula, koma tili ndi umboni. Werengani chikwangwani chimene chimaikidwa poyambira ntchito. Nthawi zambiri chimatchula kontrakitala ndi nthawi yomalizira. Mvula ikagwa, kaoneni ngati madzi akutsikira m'ngalande kapena akudikha pakati pa msewu. Chithunzi cha pa WhatsApp chopanda dzina la malo ndi tsiku musachitumize kwa ena musanafunse kumene chinajambulidwa.