Phulusa la ku Bikini ndi nsomba zimene zinakanidwa pamsika

Msodzi wa ku Makawa kapena ku Malembo ukamuuza za bomba la nyukiliya amangoti n'za maiko akutali. Chonsechotu amene anachititsa kuti dziko lidzidzimuke ndi poizoni wa mabombawa anali asodzi anzake.

Pa 1 Malichi 1954, America inaphulitsa bomba loyeserera ku zilumba za Bikini, m'nyanja ya Pacific. Mphamvu yake inafika mamegatani 15 (ngati matani 15 miliyoni a zophulitsira wamba), kuposa kawiri imene akatswiri ankayembekeza. Boti la asodzi 23 a ku Japan, la Daigo Fukuryu Maru, linkawedza nsomba za tuna kunja kwa malire amene analetsedwa. Patangopita maola ochepa kunayamba kugwa phulusa la mbee ngati ufa woyera, n'kumamatirira m'tsitsi ndi pakhungu. Pofika kwawo ku Yaizu patatha milungu iwiri, anali ndi zilonda zamoto, tsitsi likuyoyoka. Aikichi Kuboyama, yemwe ankayang'anira wailesi ya m'botimo, anamwalira mu Seputembala chaka chomwecho.

Phulusalo linali miyala ya pachilumba yonyeka, yosakanikirana ndi zidutswa za maatomu osweka. Zidutswa zambiri zotere zimatulutsa cheza cha gamma, chosaoneka, chosanunkha, koma choboola thupi. Kumsika wa Tsukiji ku Tokyo, oyeza ankayendetsa kachipangizo ka Geiger, kamene kamalira kakapeza cheza, pamwamba pa nsomba iliyonse. Kakalira mofulumira, nsombayo sinkagulitsidwanso. Matani mazanamazana anatayidwa chaka chimenecho, ndipo ngakhale nsomba zabwinobwino anthu ankazithawa.

Vuto la Geiger n'lakuti amangowerenga, sanena kuti chikutulutsa chezacho n'chiyani. Zida zimene zinabwera pambuyo pake zimayeza mphamvu ya chezacho, pakuti chidutswa chilichonse chili ndi mlingo wakewake. Motero caesium-137, mtundu umodzi wa zidutswazi, yemwe mphamvu yake imatsika ndi theka pakatha zaka 30, anapezeka m'dothi ndi m'matope a pansi pa nyanja m'maiko amene sanaphulitsepo bomba. Kuno kumwera kwa dziko lapansi kunagwa wocheperako.

Mu 1963 America, Britain ndi Soviet Union anagwirizana zosiya kuyesera mabomba mumlengalenga ndi m'madzi, ngakhale France ndi China anapitirizabe. Pangano la 1996 loletsa kuyesera mabomba a nyukiliya kulikonse ndilo linakhazikitsa masiteshoni ofufuza mpweya padziko lonse, ndipo ina ili ku Dar es Salaam. Imakoka mpweya kudzera m'sefa tsiku lathunthu, kuyeza gamma wa fumbi lotsaliramo, n'kutumiza zotsatira ku Vienna, m'dziko la Austria.