Fani kuzungulirabe galimoto itazima si vuto

Mukafika pa Mchinji boma kuchokera ku Lilongwe dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, fani ya pa rediyeta imatha kumazungulirabe kiyi ali m'thumba. Ambiri amathamangira kuzula waya wa batire, ati mawaya agundana. Ayi ndithu.

Pa magalimoto ambiri, fani yamagetsi imamvera sensa yoyeza kutentha kwa madzi a mu injini. Injini ikazima, pampu yamadzi imaimanso, ndiye kutentha kumakwera kaye kusanayambe kutsika. Fani imapitiriza kwa mphindi zochepa, kenako n'kusiya yokha. Mukayatsa AC (makina oziziritsa mpweya m'galimoto), fani imazunguliranso, palibe cholakwika.

Koma ikamazungulira m'mawa injini ili yozizira, AC musanayatse, kapena osasiya mpaka batire kutha, pitani kwa amakanika akaone relay (kaswichi kamagetsi koyatsa ndi kuzimitsa fani) ndi sensayo.